Mawu Akuti "Liyeretsedwe" Achokera Kuti?



Tikamanena Pemphero la Ambuye, lomwe likuyambira pa Mateyu 6:9, timatchula mawu akuti "liyeretsedwe" ponena za dzina la Mulungu. Kodi dzinalo lada kuti ife tilitsuke? Iyayi. Tiyeni tione kumene mawuwa achokera.

Ana athu popemphera m'Chingerezi kusukulu amati "hallowed". Awa ndi mawu akale kwambiri. Baibulo la King James la 1611 linawasunga, koma lero eni chinenerocho sawagwiritsa ntchito pocheza. Anachokera ku liwu la makolo awo lakuti "halgian", kutanthauza kusandutsa chinthu kukhala chopatulika. Muzu wake ndi womwewo umene unabala mawu awo onena za kuchira ndi za chinthu chathunthu, chosagawika.

Nafenso tili ndi mawu athu awiri. Baibulo lomwe linatuluka mu 1922 linatchedwa Buku Lopatulika, ndipo la mu 1998 linatchedwa Buku Loyera. Kuyera ndi kusakhala ndi litsiro. Kupatula ndi kuika chinthu pambali kuti chisasakanikirane ndi zina.

Alimife kupatula timakudziwa bwino. Tikakolola, timasankha ngala zabwino za chimanga n'kuzisunga pazokha kuti zikhale mbewu. Njala ikafika mu February, nkhokwe itapepuka, mayi wanzeru sapita nayo mbewu ija kuchigayo, chifukwa m'menemo muli chakudya cha chaka chamawa.

Dzina la Mulungu n'lotero. Koma ife kangati timalitenga ngati chimanga wamba? Pamsika timalumbira pa dzina lake kuti meda yadzaza, chikhalirecho tinaiponda kunsi. Pamlandu wa malire a munda kwa amfumu timaitana Mulungu kukhala mboni ya bodza. Mmawa tinapempha kuti dzinalo liyeretsedwe, masana ife tomwe talipaka matope, ndipo mwana amene watimva waphunzira kuti dzinali n'lotchipa.

Sabata ino tiyeni tilipatule. Pogulitsa, muyeso ukhale wodzaza popanda kulumbira. Pamlandu, tinene zimene maso athu anaona, ngakhale wolakwayo ndi m'bale wathu.

Tipemphere. Atate, sambitsani milomo yathu, mutipatse mtima umodzi wosagawika, kuti anansi athu poona ntchito zathu alemekeze dzina lanu. Amen.