Nyimbo imene inanditulutsa m'chipinda

Anzanga, mwati ndikambe za nyimbo ya pamtima panga. Musaseke, si ya amapiano ayi. Ndi "Everybody Hurts" ya R.E.M., gulu la ku Athens, m'chigawo cha Georgia ku America. Inatuluka mu 1992 m'chimbale cha Automatic for the People, ine ndisanabadwe n'komwe.

Ndinaipeza m'foni ya malemu achimwene anga. Chaka chimenecho n'kuti nditalephera MSCE, ndikungodzitsekera m'chipinda, osafuna kuonana ndi munthu. Usiku ndinkaimvera motsitsa kuti amayi asadzuke. Michael Stipe amaiimba modekha, mawu ake osavuta, moti ngakhale Chingerezi changa chothyokathyokachi chinkakwana. Eni akewo ananena okha kuti anaipekera achinyamata amene afika potaya mtima.

Nyimbo sinandilembere mayeso, zoona. Koma inandilimbitsa mtima mpaka ndinapita kwa amalume n'kuwauza zonse zimene zinkandidya. Chaka chotsatira ndinalembanso, ndinakhoza.

Ndiye iwe amene ukuvutika chamumtima, mvera nyimbo yako, palibe vuto. Koma ikatha, peza munthu woti umuuze. Ife tilipo Loweruka lililonse.