Kutsitsa galimoto: zimakoma pa chithunzi, nanga pamsewu?

Ambiri mwaona pa Facebook ndi TikTok magalimoto a ku Joni, ma Polo ndi ma BMW, atakhala pansi ngati nkhuku yofungatira. Funso lanu n'lakuti: ikatsika chonchi imayenda bwanji?

Tiyambe ndi chimene amachitcha air suspension. Amachotsa masipuling'i achitsulo n'kuika matumba a labala odzaza mpweya. Kompuresa imapopera mpweya m'thanki, mpweyawo umadutsa m'mapaipi kupita m'matumba. Mukadina batani, galimoto imakwera kapena kutsika. Mabasi akuluakulu ndi mathiraki ambiri odutsa pa M1 ali nazo zimenezi, koma iwo si za shasha ayi, amafuna kuti anthu ndi katundu asamakhutchumuke.

Tsono mvetsetsani apa. Tayala likagunda hampu, limafuna mpata wokwerera m'mwamba. Mukatulutsa mpweya kuti galimoto igone pansi, mpata uja mwaudya. Tayala limangokwera pang'ono n'kufika pamapeto, ndiye kugunda konse kumathera pamsana panu. Mukapopanso kwambiri, thumba limalimba gwa, galimoto imangodumphadumpha ngati ngolo. Imayenda mofewa ikakhala pakatikati, pamsinkhu umene mashoko ake anapangidwira.

Chinanso, galimoto yoyenda itatsika matayala ake amapendekera m'kati, choncho amadyeka mbali imodzi. Mukudziwa nokha mtengo wa tayala masiku ano.

Tibwere kwathu kuno. Taganizani mahampu a pa M1, maenje a nyengo ya dzinja, kapena misewu ya fumbi ya ku Tsangano kumene timakatenga kachewere. Mwala umodzi ukaboola sampu, oyilo yense wataika, ndipo mukapitiriza ulendo injini yapita. Paipi ikang'ambika kapena thumba likaphulika, galimoto imakhala pansi pomwepo, zipangizo zake mukazisake ku Blantyre, ku Lilongwe, mwinanso ku Joni komweko.

Sindikukuletsani. Ubwino wa mpweya n'ngwakuti mumasankha nokha msinkhu. Itsitseni mukaimika pa Boma kuti anzanu ajambule, koma musananyamuke ikwezeni. Muzikhetsa madzi a m'thanki, muzimvetsera ngati penapake pakutuluka mpweya, ndipo a inshulansi muwauze zimene mwasintha.

Inu amene mukuphunzira umakaniko, lusoli ligwireni. Mabasi ndi mathiraki aja amafuna anthu odziwa kukonza matumba amenewa, ndipo amadutsa pakhomo pathu tsiku lililonse.