Kutseka Nyanja Popanda Kufunsa Eni Gombe: Nkhani ya ku Dwesa-Cwebe



Boma likamakhazikitsa malo otetezedwa pa nyanja ya mchere, chifukwa chake chimakhala chomveka. Nsomba zina zimakula mochedwa, ndipo zikamagwidwa zisanaswane mtundu wake umatha. Chimene sichifunsidwa kawirikawiri ndi chakuti, kodi watseka nyanjayo ndani, nanga amene adzagona osadya ndiwo kaamba ka kutsekako ndani? Zimene zinachitika ku Dwesa-Cwebe, m'chigawo cha Eastern Cape ku South Africa, zikuonetsa kulemera kwa funso limeneli.

Anthu olankhula Chixhosa a m'midzi ya kumeneko, monga wa Hobeni, akhala akuwedza nsomba ndi kutola nkhono pa matanthwe a pafupi ndi mathiriro a mtsinje wa Mbhashe kuyambira kalekale. Boma la atsamunda linawachotsa m'nkhalango za m'mphepete mwa nyanja, ndipo pambuyo pake boma la Transkei linatchinga malowo ndi mpanda. Ulamuliro wa tsankho utatha m'chaka cha 1994, anthuwo anapempha kuti malo awo abwezedwe. Pangano lowabwezera linasainidwa m'chaka cha 2001, pa mfundo yakuti nkhalangozo zikhalebe zotetezedwa. Komatu m'chaka cha 2000 boma linali litalengeza kale, potsata lamulo la zamoyo za m'nyanja la 1998, kuti munthu asawedze kapena kutola chilichonse pa gombe lonselo. Eni gombe sanafunsidwe. Mtunda unabwerera kwa eni ake, koma madzi anatsala m'manja mwa boma.

M'chaka cha 2010 asodzi ena a ku Hobeni anamangidwa atapezeka ndi mbedza m'malo oletsedwawo. Woweruza wa ku Elliotdale anavomereza kuti mwambo wa makolo awo unkawalola kuwedza, komabe anawapeza olakwa, ndipo bwalo lalikulu la ku Mthatha linagwirizana naye. Mpaka mu June 1998 itapita zaka makumi awiri, ndiye kuti m'chaka cha 2018, ndi pamene bwalo lalikulu la apilo, pa mlandu wotchedwa wa Gongqose, linafafaniza zigamulozo. Bwalolo linati lamulo la 1998 silinathetse ufulu wochokera ku mwambo, popeza silinanene chilichonse chokhudza mwambowo. Pofika nthawiyo boma linali litatsegula kale mbali zina za gombe m'chaka cha 2015, koma anthuwo anali atakhala zaka 15 akutchedwa akuba pa gombe la makolo awo. Amene anaimirira m'bwalo anali amuna a mbedza; chiletsocho chinakhudzanso amayi otola nkhono, amene ndiwo zawo sizioneka kawirikawiri m'mabuku a ziwerengero.

Nkhaniyi ikukhudza mlangizi mwachindunji, chifukwa lamulo lolembedwa ku likulu limafika pa gombe kudzera pakamwa pake. Asanaitanitse msonkhano, mlangizi ayenera kudziwa ngati anthuwo ali ndi malamulo awoawo osungira nsomba. Malamulo otere alipo ngakhale pa nyanja za madzi opanda mchere. Pa chilumba cha Mbenji m'boma la Salima ku Malawi, a Mfumu Makanjira ndi akuluakulu awo akhala akutseka usodzi m'nyengo ya mvula kuyambira zaka za m'ma 1950, ndipo asodzi amachoka pa chilumbacho popanda mpanda uliwonse.

Izi sizikutanthauza kuti chilichonse chogamulidwa m'mudzi ndi cholungama. Makomiti a pa gombe, monga amene anayamba pa nyanja ya Malombe m'chaka cha 1993, nawonso angathe kugwa m'manja mwa anthu ochepa a chuma. Mwini makoka ali ndi posungira ndalama zodikirira nyengo yotseka. Mlovi wake alibe, ndipo mayi wowamba nsomba alibenso. Motero mlangizi aonetsetse mayina a amene akhala mu komiti ndi ntchito imene aliyense amagwira pa gombe. Aganizirenso za nthawi ya msonkhano. Ukaitanidwa m'mawa, alovi amene akoka makoka usiku wonse amakhala ali m'tulo, amayi ali pa ntchito yoyanika usipa, ndipo amene amasaina pa pepala la boma ndi eni mabwato okha.