Loya si bwana wanu, mlandu ndi wanu



Lero tikambirane za maloya. Ambirife tikalowa mu ofesi ya loya timachita kunyong'omera, kumangoti "inde bwana" ngakhale sitinamve zimene wanena. Asisi, mukatenga loya, iyeyo ndiye akukugwirirani ntchito. Lamulo la Legal Education and Legal Practitioners Act la 2018 pamodzi ndi malamulo a bungwe la Malawi Law Society amamupatsa udindo pa inu. Nditchulapo zinthu zisanu.

Choyamba, chinsinsi. Mukamuuza za nkhanza za m'banja, za matenda anu kapena za ndalama zanu, sayenera kukaulula kwa amuna anu, kwa apongozi kapena kwa anzake kumowa. Ngakhale mlandu utatha, chinsinsicho sichitha.

Chachiwiri, loya saimira mbali ziwiri pa mlandu umodzi. Ngati banja likutha, loya wa amuna anu sangakhalenso wanu. Ngati akuchimuna akulanda katundu wamasiye, zomwe lamulo la 2011 la chuma cha masiye limati ndi mlandu, mufunseni tsiku loyamba lomwelo: "Kodi anthu amenewa mumawagwirirako ntchito?"

Chachitatu, azikudziwitsani. Tsiku lopita kukhoti ndi liti? Woweruza wati chiyani? Zoti foni osayankha miyezi itatu, mukapita ku ofesi mungouzidwa kuti "abwana atuluka", ayi. Komanso sangagwirizane ndi mbali inayo kuti nkhani ithere kunja kwa khoti inu musanavomere.

Chachinayi, ndalama. Apa ndi pamene ambiri amalirira. Tiyerekeze kuti galimoto yakugundani muli pa kabaza ku Katoto, ndipo kampani ya inshuwalansi yapereka chipukuta misozi kudzera kwa loya wanu. Ndalama imeneyo ndi yanu. Iye ayenera kuisunga ku akaunti yapadera ya makasitomala, osaisakaniza ndi yake, ndipo akuuzeni kuti yabwera zingati, wadulapo zingati, chifukwa chiyani. Nde za malipiro ake mugwirizane pachiyambi, zilembedwe papepala. Mukalipira, landirani lisiti.

Chachisanu, thupi lanu si malipiro. Loya akayamba zoti "ngati ndalama palibe tikhoza kumvana mwanjira ina", dziwani kuti lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa khalidwe limeneli. Mauthenga ake a pa WhatsApp musafufute, ndi umboni.

Nanga akalakwa mupite kuti? Lembani dandaulo ku Malawi Law Society. Kumeneko kuli komiti yoona za mwambo, ndipo loya wopezeka wolakwa akhoza kuimitsidwa kapena kuchotsedwa ntchito yauloya. Dziwaninso kuti chiphaso cha loya chimakonzedwanso chaka ndi chaka, ndipo bungweli limatulutsa maina a amene ali ndi chiphaso. Musanapereke ndi kwacha imodzi yomwe, fufuzani ngati dzina lake lilipo. Si aliyense wovala suti pafupi ndi khoti amene ndi loya.

Ngati mulibe ndalama, a Legal Aid Bureau ali ndi ofesi muno mu Mzuzu. Kulinso Women Lawyers Association, omwe anaimira amayi ndi atsikana 18 a ku Msundwe ndi madera oyandikana nawo ku Lilongwe, amene anachitidwa nkhanza ndi apolisi mu 2019. Mu 2020 khoti lalikulu linagamula kuti amayiwo apatsidwe chipukuta misozi.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Mukamapita kwa loya tengani kope ndi cholembera, ngati n'kotheka mutengenso mnzanu womukhulupirira. Lembani tsiku, zimene mwagwirizana ndi ndalama imene mwapereka. Mapepala anu enieni, monga satifiketi ya ukwati kapena ya malo, jambulani kaye musanawasiye.

Amene muli ndi mafunso, kwezani dzanja.