MASAUKO CHIPEMBERE NDI MLANDU WA THANGATA

Mau amene analankhulidwa pa msonkhano wa nthambi ya Kameza

Ndiri kuona nkhope za ku Machinjiri ndi ku Lunzu, ndipo ena mwachokera ku Ndirande ndi ku Chilomoni. Komiti yandipempha kuti ndinenepo za malo ndi nyumba. Ndiyamba ndi munthu mmodzi, Henry Masauko Chipembere, mwini dzina la mseu waukulu uja wa pakati pa Blantyre ndi Limbe. Ambiri amkumbukira chifukwa cha mkangano wake ndi Dr. Banda. Koma kale mkanganowo usanabuke, iye anali phungu wa Chigawo cha Kummwera m'Nyumba ya Malamulo ku Zomba, pa nthawi imene anthu zikwizikwi anali kugona m'nyumba zao ngati alendo.

Tiyambe taona mlandu umene iye anaupeza. M'zaka za 1892 mpaka 1894 Harry Johnston, mtsogoleri wa boma la atsamunda, anapatsa Azungu zikalata za malo. Gawo lalikulu la nthaka yachonde ya kuno ku Blantyre, ku Thyolo, ku Mulanje, ku Chiradzulu ndi ku Zomba linagwa m'manja mwa anthu owerengeka ndi makampani monga British Central Africa Company, Blantyre and East Africa ndi A. L. Bruce Estates. Zikalata zambiri zinanena kuti midzi ndi minda imene inalipo kale isasokonezedwe, koma eni esiteti sanasamale mau amenewo. Abale athu Alomwe amene anali kuthawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique anafika opanda chikalata chiri chonse chowateteza, chotero iwo ndiwo anapsinjika koposa.

Liu lakuti thangata linali labwino pachiyambi, pakuti linatanthauza kuthandizana nchito pamudzi. Pa esiteti linasanduka lendi yolipira ndi thukuta. Munthu anali kugwira nchito mwezi wa lendi ndi mwezi wina wa msonkho, ndipo kapitao akakana kulemba tsiku pa tikiti, mweziwo sunali kutha. Nchitoyo inali kufunika nthawi ya dzinja, pamene munda wa mwini wake unali kulira khasu. Chimenechi ndi chimodzi cha zifukwa zimene John Chilembwe anaukira pa 23 January 1915, ndipo William Jervis Livingstone, woyang'anira esiteti ya Bruce ku Magomero, anaphedwa.

Mu 1928 boma linapanga lamulo la anthu okhala pa malo a Azungu. Lendi inali pafupifupi paundi imodzi pa chaka, ndipo munthu anali kulipira ndi ndalama, kapena ndi nchito, kapena pogulitsa mbeu zake kwa mwini esiteti. Tamverani tsono zimene lamulolo linapatsa mwini esiteti. Pa zaka zisanu ziri zonse anali ndi mphamvu ya kuchotsa banja limodzi mwa mabanja khumi popanda kunena chifukwa. Mnyamata akafika zaka 16 anali kutha kumthamangitsa pa malo amene anabadwira. Mwana wamkazi akapeza mwamuna, mwini esiteti anali kutha kukaniza mkamwiniyo kumanga nyumba. Inu amai mudziwa mwambo wathu kuno, kuti mwamuna ndiye atsata mkazi. Kodi mudzi wopanda akamwini ukula bwanji?

Koma makolo athu sanakhale manja lende. Mu 1943 anthu mazanamazana a m'boma lino la Blantyre analandira notisi yakuti achoke, ndipo anakana, pakuti kunalibe kwina kopita. Patapita zaka ziwiri anthu a ku Thyolo anachita chimodzimodzi. Boma linachita mantha ndipo mu 1946 linaitana Sir Sidney Abrahams kuti afufuze mlandu wa malo. Iye analangiza kuti boma ligule malo a esiteti osalimidwa ndi malo amene panali midzi yambiri. Kugulako kunayamba mwaulesi. Mu 1953, chaka chimene Chitaganya chinakakamizidwa pa ife, British Central Africa Company inaumirira lendi yokwera, anthu anakana kulipira, ndipo m'mwezi wa August chipolowe chinabuka ku Thyolo. Anthu 11 anafa ndipo 72 anavulala. Pambuyo pa maliro amenewa boma linafulumira kugula malo.

Tsono Masauko anali yani? Anabadwa pa 5 August 1930 ku Kayoyo, dera la Ntchisi. Bambo wake, Habil Chipembere, anali mphunzitsi wa mishoni ya Anglican ndipo pambuyo pake anakhala wansembe. Banjalo linakhala nthawi yaitali ku Malindi, m'mbali mwa nyanja ku Mangochi, kumene masiku amenewo kunali kuchedwa Fort Johnston. Mnyamatayo anaphunzira pa Blantyre Secondary School, napita ku Goromonzi ku Southern Rhodesia, natenga digiri ku Fort Hare ku South Africa. Amalawi a digiri masiku amenewo munali kuwawerenga pa zala. Atabwera analowa nchito ya boma ngati wothandiza D.C. ku Domasi, ku Fort Johnston ndi ku Dedza. Nchitoyo inali ya malipiro ndi ulemu, ndipo akadafuna akadakalamba nayo. Iye anaisiya kuti akaimire anthu.

Mu March 1956 Aafirika asanu anasankhidwa kulowa m'Nyumba ya Malamulo: Chipembere, Kanyama Chiume, Ralph Chinyama, Dunstan Chijozi ndi N. D. Kwenje. Anasankhidwa ndi makhonsolo a zigawo, pakuti munthu wamba analibe voti. Masauko anali ndi zaka 25 zokha. M'nyumbamo Azungu anali ochuluka, chotero pa kuwerenga manja asanuwo anali kugonja kawirikawiri. Nanga mphamvu yao inali kuti? Chipembere ndi Chiume anatenga madandaulo a kumudzi, za Chitaganya, za tsankho, za malo ndi thangata, za malimidwe okakamiza amene anthu anali kulipitsidwa nao faindi, nawanena pamaso pa Bwanamkubwa mosapsatira. Mau onse a m'nyumbamo anali kusindikizidwa m'buku lochedwa Hansard, ndipo bukulo linayamba kugulidwa ngati nyuzipepala. Aphunzitsi ndi makalaliki anali kuliwerenga ndi kumasulira anzao. Munthu wa pa esiteti anazindikira kuti kulira kwake kwalembedwa m'buku la boma.

Chipembere anali mmodzi wa anyamata amene anaumiriza Dr. Banda kuti abwere kwao, ndipo pa 6 July 1958 ndege inatera pa Chileka pomwepa, khamu la anthu liri kudikira. Pa 3 March 1959 boma linalengeza lamulo la nthawi ya chipolowe. Ambiri anatsekeredwa ku Kanjedza, ndipo Masauko anatengedwa kunka kundende ya Gwelo pamodzi ndi Dr. Banda ndi Dunduzu Chisiza. Anatuluka mu September 1960, koma kuchiyambi kwa 1961 anamangidwanso chifukwa cha mau ake pa misonkhano, nakhala m'ndende mpaka January 1963. Pa chisankho cha 1961 bambo wake ndiye anaima m'malo mwake ku Fort Johnston. Chotero pamene lamulo la 1962 linathyola msana wa thangata, munthu amene anali kufuula za mlanduwo anali m'ndende. Atatuluka anakhala nduna ya maboma ang'ono, kenaka ya maphunziro. Mu September 1964 anatula pansi unduna, mu February 1965 anayesa kuukira boma nalephera pa doko la Liwonde, ndipo anamwalira ku Los Angeles ku America mu September 1975, osaonanso nyanja ya kwao.

Abale anga, taonani m'mene zinthu zinatsatirana. Anayamba ndi anthu wamba amene anakana notisi ali pamodzi. Phungu anabwera pambuyo, nanyamula mau ao. Lamulo linabwera potsiriza. Phungu wolimba mtima popanda anthu kumbuyo kwake angopanga phokoso ku Nyumba ya Malamulo, ndipo anthu okwiya popanda wowanenera angoikidwa m'manda monga ku Thyolo. Paja akulu anati mutu umodzi susenza denga.

Kodi mlanduwo unatha? Ufulu utabwera, maesiteti a fodya anachuluka ku Kasungu, ku Mchinji ndi ku Mzimba, eni ake tsopano akuda anzathu. Mabanja a ku Thyolo, ku Mulanje ndi kuno anatengedwa pa malole kukakhala matenanti, kudya chimanga cha ngongole chaka chonse ndi kubwera manja ali m'khosi. Lamulo loletsa utenanti wotere linadikira mpaka 2021. Kutauni nako, anthu amene anadza kudzagwira nchito ku Blantyre ndi Limbe anasowa nyumba, namanga m'mphepete, ndipo Ndirande anakula chotero. Malawi Housing Corporation inakhazikitsidwa mu 1964, ndipo maploti a madera omanga wekha anagawidwa ku Ndirande, ku Bangwe, ku Zingwangwa, ku Chilomoni ndi ku South Lunzu. Sanakwanire. Anthu oposa theka a mzinda wa Blantyre akhala m'malo osakonzedwa, ambiri a iwo pa lendi yopanda pepala. Ena anakwera m'phiri chifukwa chosowa ploti, ndipo mu March 2023 namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche, matope nakwirira mabanja ku Chilobwe. Kuno ku Kameza mzinda uli kutipeza. Minda iri kusanduka maploti, ndipo ploti imodzi igulitsidwa kwa anthu awiri.

Chifukwa chake ndipempha nthambi ino zinthu zitatu. Choyamba, lamulo la malo a makolo la 2016 lipereka njira yakuti banja lilembetse malo ake kudzera m'komiti ya malo ya kwa gulupu, ndipo mwa anthu asanu ndi mmodzi osankhidwa m'komitimo, atatu kapena oposa ayenera kukhala amai. Tifunse mafumu athu ndi ofesi ya malo kuti nchitoyi iri pati m'dera lathu, ndipo amai asakane kusankhidwa. Chachiwiri, ali yense wokhala pa lendi kapena wogula ploti alembetse pangano pa pepala, pakhale mboni, ndipo asunge malisiti. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Inu a landilodi amene muli pano, pepalalo litchinjiriza inunso. Chachitatu, mlembi atsegule buku la madandaulo a malo ndi nyumba, mudzi ndi mudzi, ndi maina ndi masiku ake. Bukulo tikalipereke kwa phungu ndi kwa khansala wathu, ndi kuwapempha kuti adzatiuze pa msonkhano ngati uno chimene ananena m'malo mwathu ndi yankho limene analandira. Masiku a Masauko anthu anali kugula Hansard ndi ndalama zao kuti amve phungu wao. Ife tiri ndi voti imene iwo analibe, ndipo wailesi itifikitsira zokambidwa ku Lilongwe m'nyumba mwathu momwe. Tizimvetsera, ndipo tizifunsa.

Amene ali ndi notisi kapena mlandu wa malire aonane ndi mlembi msonkhano ukatha, asapite kwao nao.