Mmene Makina Apezera Dzina Limodzi Pakati pa Maina Ambirimbiri

Lero tiyamba ndi buku limene liri pa tebulo la aphunzitsi m'mawa uliwonse, ndilo kaundula wa kalasi. Mukalitsegula muona mizere yopingasa ndi madanga otsika. Mzere uliwonse ndi wa mwana mmodzi, ndipo danga lirilonse lisunga cinthu ca mtundu umodzi: ili dzina, ili caka cobadwa, ilo mudzi wakwao. Kompyuta nayonso isunga mbiri za anthu mwa njira yomweyi, ndipo nkhokwe yotere amaicha database. Amene analongosola kasungidwe kameneka ndi Edgar Codd, katswiri wa masamu wobadwira ku England, amene anali pa nchito ku IBM m'dziko la America. Anafalitsa maganizo ake m'caka ca 1970.

Tsono bvuto loyamba ndi ili: maina amafanana. M'kalasi imodzi ku Katete kapena ku Chipata mungapezeke ana awiri a dzina limodzi, onsewo a Banda kapena a Phiri. Aphunzitsi awasiyanitsa ndi nkhope, koma makina sadziwa nkhope ya mwana wolembedwa m'kaundula. Nco cifukwa cake munthu aliyense apatsidwa nambala yakeyake. Mwana wa Giredi 7 alandira nambala ya mayeso yocokera ku Examinations Council of Zambia, ndipo akakwanitsa zaka 16 akatenga citupa cobiriwira ca NRC, cokhala ndi nambala yosafanana ndi ya wina. M'makina, maina angakhale pa tsamba lina, zotsatira za mayeso pa tsamba lina, ndipo columikiza masamba awiriwo ndi nambalayo basi. Aphunzitsi, mukalemba 6 pamene payenera 9, makinawo sadzakaika konse. Malikisi a mwana amene anacezera usiku kuwerenga angapite kwa mnzake, kapena kusowa kumene. Nambala yotere muziiwerenga kawiri musanaitumize.

Bvuto laciwiri ndi la kufunafuna. Kalembera wa 2022 anapeza kuti m'Zambia muli anthu oposa 19 miliyoni. Munthu woti awerenge maina onsewo, limodzi pa sekondi iriyonse, usana ndi usiku wosapumula, angathe miyezi 7 asanafike kothera. Koma taganizirani mmene mufunira liu m'dikishonale. Simuyambira pa tsamba loyamba ai. Mutsegula capakati, muona ngati liulo liri kutsogolo kapena kumbuyo, ndipo theka losafunika mulisiya. Maina 19 miliyoni aja atandandalikidwa bwino, kugawa pakati kotereku kokwana 25 cabe kungakufikitseni pa dzina limene mulifuna.

Komabe kaundula mmodzi sangandandalikidwe mwa njira ziwiri nthawi imodzi. Mukatsata maina, manambala asokonezeka. Mukatsata manambala, maina asokonezeka. Motero makina asunga mndandanda wina wapadera wochedwa mlozera, wonga uja wa kumapeto kwa buku la sayansi, umene ungokuuzani tsamba lopezapo cinthu. Pangakhale mlozera wa maina ndi winanso wa manambala, onsewo olozera ku kaundula mmodzi yemweyo.

Mlozera wofala koposa uchedwa B-tree, ndipo anaupanga Rudolf Bayer ndi Edward McCreight pamene anali pa nchito ku Boeing. Anaufalitsa mu 1972. Ufanana ndi zikwangwani za pa mseu. Mlendo wocokera ku Lusaka wofuna mudzi wina wa ku Katete saima pa mudzi uliwonse kufunsa. Cikwangwani coyamba cimuonetsa mseu wa kum'mawa, cina cimuuza kuti wafika pa Katete, cinanso cimulozera kanjira ka kumudziko. Ngati cikwangwani ciriconse ciri ndi njira 100, zikwangwani zinai zokha zikwanira kusankha dzina limodzi pakati pa maina 100 miliyoni. Aphunzitsi, lembani 100 x 100 x 100 x 100 pa bolodi kuti ana adzionere okha.

Mlozera uli ndi mtengo wake. Mwana watsopano akabwera, alembedwa m'kaundula ndiponso m'mlozera uliwonse, pa malo pake penipeni. Milozera ikacuruka, kufunafuna kufulumira koma kulemba kucedwa, ndipo akatswiri aikapo yokhayo imene anthu adzaifuna kawirikawiri.

Wailesi ikatsekedwa, yesani sewero ili. Mwana mmodzi asankhe nambala mumtima, kuyambira 1 kufikira 100. Anzake amfunse mafunso oyankhidwa ndi inde kapena iai, monga lakuti, "Kodi iposa 50?" Amene agawa pakati nthawi zonse adzaipeza ndi mafunso osapitirira 7. Kenaka ayesenso kufunsa nambala imodziimodzi kuyambira pa 1, ndipo wina aziwerenga mafunsowo pa bolodi.