Chikombole cha maseva

Ine ndikulankhula kuchokera kuno ku Wembley, ndipo lero tikambirana za ntchito imene imandidyetsa: kudzutsa maseva pa cloud osachita kudinadina ndi manja.

Tiyambe ndi cloud yeniyeniyo. Ndi makompyuta a eni ake amene ali m'nyumba zikuluzikulu zozizira, ife timangochita lendi. Amazon inatsegula malo ake a ku London mu December 2016, amawatcha eu-west-2, kenako a ku Cape Town mu April 2020, af-south-1. Ndipotu EC2, ntchito yobwereketsa maseva imene inayamba mu 2006, mbali yake yaikulu inapangidwa ndi gulu la akatswiri ku Cape Town komweko. Ndiye musamaone ngati nkhaniyi ndi ya kutali ndi kwathu.

Seva imodzi mutha kuidzutsa pamanja. Mulowa, musankha Ubuntu, musankha kukula kwake, mudina apa, mudina apo. Koma pakatha miyezi isanu ndi umodzi, wina akati tikufuna ina yofanana ndendende, mukumbukira zonse zimene munadina? Ayi ndithu.

Apa ndi pamene template imalowa. Ine ndimaitcha chikombole. Amene munaumbako njerwa kumudzi mukudziwa: chikombole chikakhala chabwino, njerwa ya nambala 1 ndi ya nambala 500 zimatuluka zofanana. Chikakhala chokhota, zonse 500 zimakhotanso.

Zikombolezi zili pawiri. Choyamba chimamanga nyumba. Amazon ili ndi CloudFormation kuyambira 2011, koma ambirife timagwiritsa ntchito Terraform, imene HashiCorp inatulutsa mu 2014, chifukwa imagwira ku Amazon, ku Azure ngakhale ku Google. Mu fayilo mumalemba kuti seva ikhale ku London, ikule chonchi, khomo la 443 litsegukire aliyense, koma la 22 litsegukire inu nokha. Mukalemba terraform plan, imakuonetsani zimene ikufuna kuchita isanakhudze kalikonse. Muziwerenga bwino pamenepo, makamaka mukaona mawu oti destroy. Mukakhutira, terraform apply, basi, mphindi zochepa seva yadzuka.

Chachiwiri chimakonza m'kati mwa nyumbamo. Dzina lake cloud-init, inachokera ku Canonical, eni ake a Ubuntu. Ndi kafayilo ka YAML kamene seva imawerenga ikangoyaka koyamba: panga wogwiritsa ntchito uyu, ika kiyi wake wa SSH, ika nginx. Samalani ndi mipata ya kumayambiriro kwa mzere, chifukwa YAML salola tab, ndipo mpata umodzi wolakwika umasokoneza fayilo yonse.

Mwina wina akuti, ine ndimangosamala kawebusayiti ka mpingo kapena ka bizinesi ya achimwene yotumiza katundu ku Lilongwe, zonsezi n'zachiyani? Pa 10 March 2021, moto unabuka pamalo a kampani ya OVH ku Strasbourg, ku France, ndipo nyumba imodzi ya maseva, SBG2, inapseratu. Mawebusayiti ambirimbiri anazima usiku umodzi. Tsiku ngati limenelo, amene ali ndi chikombole amatha kumanganso kwina mofulumira, pamene wodalira kukumbukira amayambira pansi. Komabe mvetsetsani: chikombole chimabweza nyumba, katundu sichibweza. Mayina a makasitomala, zithunzi, malisiti, zimenezo zimafuna backup, ndipo backup yake ikhale kumalo ena, osati m'nyumba yomweyo.

Zinthu zitatu ndisanatseke. Choyamba, password kapena kiyi wa akaunti musalembe m'chikombole n'kuchiika pa GitHub. Pali mapulogalamu amene ntchito yawo ndi kusaka makiyi otere usana ndi usiku, ndipo akaupeza amadzutsa maseva m'dzina lanu, bilu n'kubwera kwa inu. Chachiwiri, Terraform imasunga fayilo ya state, kaundula wa zonse zimene yamanga. Isakhale pa laputopu ya munthu mmodzi, ndiponso isaonekere poyera, chifukwa nthawi zina mumakhala zinsinsi. Chachitatu, seva yoyesera imadya ndalama ngakhale inu mutagona. Mukamaliza, terraform destroy, ndipo muike chenjezo la bajeti.

Mukamva dzina loti OpenTofu musadabwe. HashiCorp itasintha laisensi ya Terraform mu August 2023, anthu ena anatenga code yakaleyo n'kupitiriza pansi pa Linux Foundation. Kalembedwe kake n'kofanana kwambiri.

Ntchito ya sabata ino nayi: dzutsani seva imodzi yaing'ono ndi chikombole, muigwetse, muidzutsenso. Ikabwerera ili chimodzimodzi, mwayamba kuidziwa ntchito.